Amene amaphunzitsa madokotala athu, iwowo amawaphunzitsa ndani kufufuza?

Boma lathu la Dedza lili ngati maiko awiri omangidwa mtolo umodzi. Kumtunda kuno, pa boma, ku Bembeke ndi m'midzi ya m'mphepete mwa phiri, June ndi July akafika kumazizira koopsa, ndipo ana amavutika ndi chifuwa ndi chibayo. Mukatsika msewu wa Khwekhwerere kukafika ku Golomoti, Mua ndi Mtakataka, nkhani imasintha. Kumeneko n'kotentha, udzudzu ndi wambiri, malungo sasowa, ndipo ana osamba m'nyanja ndi m'mitsinje amatenga likodzo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'boma lino muli anthu oposa 830,000, ndipo onsewa amadalira ofesi imodzi ya zaumoyo.

Ndiye tadzifunsani. Amadziwa bwanji kuti masikito ambiri apite kuti, mankhwala a chibayo achuluke mwezi uti, katemera ayambire dera liti? Pali munthu amene anawerenga, n'kuyerekezera, n'kupeza yankho. Munthu ameneyo anachita kuphunzitsidwa, ndipo amene anamuphunzitsayo nayenso anachita kuphunzitsidwa. Nkhani yathu lero ndi ya gulu lachiwirili, aphunzitsi a kusukulu ya udokotala, ndi chifukwa chake dziko lino lakhala likulimbana n'kuwasula kuti akhale akatswiri a kafukufuku wa umoyo wa anthu. Ikumveka ngati nkhani ya ku Blantyre, eti? Dikirani muone mmene ikufikira pa khomo panu.

Kuchiza munthu ndi kuchiza mudzi

Mwana akabwera kuchipatala akutsegula m'mimba, dokotala kapena kiliniko ofesa amamuyeza, amamupatsa mankhwala, mwana amachira n'kubwerera kwawo. Ntchito yagwirika. Koma ngati sabata imodzi kwabwera ana 30 odwala chimodzimodzi, ndipo 25 mwa iwo achokera midzi itatu yoyandikana, pamafunika mutu wina woganiza mwa mtundu wina. Kodi amatunga madzi pa chitsime chimodzi? Anadya pa maliro amodzi? Mjigo wawo unawonongeka liti? Nanga ana a m'midzi yomweyo amene sanadwale, iwo akusiyana pati ndi anzawo?

Mafunso amenewa ndiwo kafukufuku wa umoyo wa anthu. Wodwala wake ndi mudzi wonse, boma lonse, nthawi zina dziko lonse. Zida zake ndi kaundula, mafunso okonzedwa bwino, masamu a ziwerengero, komanso luso lokhala pansi ndi anthu n'kumva chifukwa chake mayi wina sapita kusikelo ngakhale chipatala chili pafupi.

Apa mpamene pali vuto. Munthu akhoza kukhala dolo pa opaleshoni, kapena katswiri wa matenda a ana, koma osadziwa kukonza kafukufuku. Ndi maluso awiri osiyana. Kudziwa kuti pakufunika anthu angati kuti zotsatira zikhale zodalirika, kusankha anthuwo mosakondera, kusiyanitsa chimene chayambitsa matenda ndi chimene changochitika nthawi imodzi ndi matendawo, kulemba zotsatira kuti akatswiri ena aziunike, kulemba pempho la ndalama: zonsezi zimachita kuphunziridwa. Mphunzitsi amene sanaziphunzire sangazipereke kwa ophunzira ake.

Tinachokera kutali

Achinyamata ambiri sadziwa kuti mpaka 1991 dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala. Amalawi ofuna udokotala ankapita kunja, ndipo ambiri ankakhala konko. College of Medicine inatsegulidwa chaka chimenecho ku Blantyre, pansi pa University of Malawi, ndipo gulu loyamba, lomwe linayambira maphunziro ku Britain, linamaliza mu 1992. Mmodzi mwa Amalawi amene anaimenyera nkhondo sukuluyi, n'kudzaitsogolera, anali Pulofesa John Chiphangwi, dokotala wa amayi.

Kuyambira pachiyambi, sukuluyi inaika mtima pa umoyo wa anthu akumudzi. Ophunzira ankatumizidwa ku Mangochi kukakhala m'midzi, kugona ndi kudya ndi mabanja, kuti aone ndi maso awo kumene matenda amachokera. Koma zaka zoyambazo aphunzitsi ambiri anali ochokera kunja, ndipo kafukufuku wamkulu ankatsogoleredwa ndi alendo. Paja amati mlendo amadza ndi kalumo kakuthwa, ndipo zoonadi anatithandiza. Koma mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Akapita, luso limapita naye limodzi ngati sanasiye mwini mudzi wodziwa kunola kalumoko.

Pang'ono ndi pang'ono zinthu zinayamba kusintha. Mu 2003 sukuluyi inayamba digiri yachiwiri ya umoyo wa anthu, yomwe ambiri amangoti MPH, kuti ogwira ntchito m'zipatala ndi m'maboma aziphunzira konkuno osasiya ntchito zaka zambiri. Mu 2006 inatsegula Research Support Centre, ofesi yothandiza aphunzitsi kukonza kafukufuku, kusamala ndalama zake ndi kusunga bwino zimene apeza. Mu 2021 College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing zinaphatikizana kukhala yunivesite yoima payokha, Kamuzu University of Health Sciences, KUHeS mwachidule, ndipo mkati mwake muli sukulu yoona za umoyo wa anthu.

Mphunzitsi amasulidwa bwanji?

Chitsanzo chabwino ndi mgwirizano wotchedwa CARTA, womwe unakhazikitsidwa mu 2008. Umatsogoleredwa ndi bungwe la kafukufuku la APHRC la ku Nairobi pamodzi ndi yunivesite ya Witwatersrand ya ku Johannesburg, ndipo Malawi ali momwemo limodzi ndi mayunivesite a ku Uganda, Kenya, Rwanda ndi Nigeria. Gulu loyamba la ophunzira linayamba mu 2011.

Nzeru ya CARTA ndi yosavuta kumva. Amatenga munthu amene ali kale pa ntchito pa yunivesite, n'kumulipirira PhD, koma PhD yakeyo amachitira mu Africa muno, pa vuto la kwawo. Pa zaka za maphunzirozo, ophunzira a m'maiko onse amakumana kanayi pa misonkhano ya masabata angapo. Koyamba amaphunzira kufunsa funso lomveka ndi kuwerenga mosamala zimene ena analemba. Kachiwiri amalowa m'masamu ndi kasamalidwe ka data. Kachitatu amakhalira kusanthula zimene apeza ndi kulemba. Komaliza amaphunzira zimene zikuwadikira akamaliza: kuphunzitsa, kutsogolera gulu, kupempha ndalama za kafukufuku. Amaphunzitsanso owayang'anira, ngakhale a ku laibulale ndi a ku ofesi ya ndalama, chifukwa wofufuza wabwino pa yunivesite yosalongosoka amatopa msanga n'kuthawa.

Panalinso ntchito zina za mtundu womwewu. SACORE, yomwe inayamba mu 2009 ndi ndalama za Wellcome Trust, inalumikiza sukulu za udokotala za Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Bungwe la Malawi-Liverpool-Wellcome, lomwe lili pa Queen Elizabeth Central Hospital kuyambira 1995, lasula Amalawi ambiri amene anayamba ngati othandizira kafukufuku ndipo lero akutsogolera magulu awo.

Bwanji kulimbana ndi aphunzitsi m'malo mongotumiza ophunzira anzeru kunja? Werengani nokha. Mphunzitsi mmodzi amaima pamaso pa kalasi yatsopano chaka chilichonse. Amayang'anira kafukufuku wa ophunzira udokotala, unamwino ndi zamankhwala asanamalize digiri, komanso wa a MPH ndi a PhD. Ophunzira amenewo ndi amene mawa amadzakhala akuluakulu a zaumoyo m'maboma ngati lathu lino. Mukasula mphunzitsi mmodzi mwadzala mbatatesi imodzi, ndipo ife a ku Dedza tikudziwa kuti phando limodzi limatulutsa zingati.

Zimene zatuluka kale

Mwina mukuti izi n'zongolankhula. Tsegulani buku lanu la kuchipatala, kapena la mwana wa achemwali anu, muone.

Makolo athu ankamwa chloroquine akadwala malungo. Ofufuza atayeza ana m'zipatala za m'dziko muno anapeza kuti mankhwalawo asiya kugwira ntchito, ndipo mu 1993 Malawi anakhala dziko loyamba mu Africa kuwasiya n'kuyamba Fansidar. Fansidar naye atafooka, mu 2007 tinasamukira ku LA amene tikumwa lero. Pakanapanda owerenga kuti ana angati achira ndipo angati abwereranso akudwala, bwenzi tikumwabe mankhwala osathandiza.

Kachipangizo kodziyezera wekha HIV kamene ena mwa inu munakagwiritsapo ntchito kuchipinda kwanu, kanayesedwa m'makwalala a Blantyre kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2010, ndipo mmodzi mwa otsogolera anali Mmalawi, Augustine Choko. Anthu ambiri ankakayika kuti munthu wamba angadziyeze molondola. Zotsatira zinaonetsa kuti angathe, ndipo mu 2016 bungwe la WHO linalimbikitsa maiko onse kutsata njirayi.

Pulofesa Kamija Phiri anayang'ana vuto limene anthu ambiri sankaliona. Mwana wochepa magazi kwambiri amagonekedwa, amamuika magazi, amatuluka akuoneka bwino, koma miyezi yotsatira ambiri amabwereranso kapena kumwalira kunyumba. Kafukufuku wake, wofalitsidwa mu 2012, anaonetsa kuti kupatsa anawa mankhwala a malungo mwezi ndi mwezi atatuluka kumachepetsa vutoli. Ntchitoyi inapitirizidwa ku Kenya ndi Uganda, ndipo mu 2022 WHO inaivomereza.

Katemera wa taifodi amene ana analandira m'dziko lonse mu May 2023, kuphatikizapo kuno, anayamba wayesedwa pa ana pafupifupi 28,000 a ku Ndirande ndi Zingwangwa kuyambira 2018, ndipo anateteza pafupifupi ana 8 mwa 10 alionse. Katemera wa malungo nayenso anayamba kuperekedwa m'dziko muno pa 23 April 2019, Malawi kukhala woyamba pa dziko lonse kumulowetsa mu ndondomeko ya sikelo m'maboma osankhidwa.

Kafukufuku amathanso kunena kuti ayi

Gawo ili ndi limene ambiri salikonda, koma ndi lofunika kwambiri kwa ife a kozizira.

Aliyense amadziwa kuti utsi wa nkhuni si wabwino m'mapapo. Ndiye zinkaoneka zachidziwikire kuti mukapatsa mabanja mbaula zamakono zosatulutsa utsi wambiri, chibayo cha ana chichepa. Ofufuza anayesa zimenezi m'midzi 150 ya ku Chikwawa ndi Karonga, pa ana oposa 10,000. Midzi ina inalandira mbaula, ina inapitiriza kuphika pa mafuwa. Zotsatira zitatuluka mu 2016, chibayo chinali chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Mbaulazo zili ndi ubwino wina, monga kupulumutsa nkhuni, koma pazokha sizinateteze ana ku chibayo.

Chitsanzo china chili pafupi nafe, pa chipatala cha boma cha Salima. Pali makina othandiza mwana kupuma otchedwa CPAP, omwe anaonetsa zabwino m'zipatala zokhala ndi madokotala ndi anamwino okwanira. Atawayesa pa ana 644 odwala chibayo chachikulu m'wodi yopanda dokotala woyang'anira tsiku ndi tsiku, ana 17 mwa 100 alionse oikidwa pa makinawo anamwalira, pamene mwa olandira mpweya wa okosijeni mwa njira ya nthawi zonse anamwalira 11. Kafukufukuyo anaimitsidwa msanga, ndipo zotsatira zinafalitsidwa mu 2019.

Taganizani zikanakhala kuti palibe anayesa. Bwenzi makinawo atagawidwa m'mawodi a ana m'maboma onse ndi mtima wabwino, anthu akuomba m'manja pa mwambo wolandira. Chinthu chogwira ntchito ku London, ngakhale ku Queens, chiyenera kuyesedwa m'malo ofanana ndi athu, okhala ndi namwino mmodzi usiku ndi magetsi othimathima. Woyesayo ayenera kukhala wodziwa malowo, komanso wolimba mtima kunena kuti ayi ngakhale opereka ndalama ankayembekezera kuti inde.

Mafunso a Dedza amene akudikira eni ake

Boma lino limadyetsa Lilongwe ndi Blantyre mbatatesi, nyemba, kabichi ndi tomato. Imani pa Bembeke kapena pa Chimbiya muone matumba. Komabe kafukufuku wa dziko lonse wa 2015 ndi 2016 anapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi anali opinimbira, ndipo Dedza inali pamwamba pa chiwerengero chimenecho, kupitirira 40. Zimatheka bwanji kuti dera la chakudya likhale ndi ana osakula bwino? Kodi zonse zimapita kumsika? Kodi ndi nthawi imene amayi amathera kudimba? Madzi akumwa? Mimba za atsikana aang'ono? Aliyense ali ndi maganizo ake pa minibasi, koma maganizo si umboni.

Funso lina ndi la malire. Anthu a ku Angonia amawoloka tsiku ndi tsiku kudzagula, kudzagulitsa, kudzaona abale ndi kudzalandira thandizo la mankhwala, ife nafenso timapita. Matenda safuna chiphaso. Kolera wa 2022 mpaka 2023, yemwe anadwalitsa anthu oposa 58,000 ndi kupha oposa 1,700 m'dziko muno, anatikumbutsa kuti mliri umayenda ndi anthu. Nanga munthu wa ma ARV kapena wa TB wokhala mbali zonse ziwiri za malire amatsatiridwa bwanji kuti asadumphitse mankhwala?

Mayankho ambiri ali kale m'makaundula amene alangizi a zaumoyo ndi anamwino amalemba tsiku lililonse ku Lobi, Mayani, Kasina, Mtakataka ndi kwina konse. Ziwerengerozo zimatumizidwa ku boma, n'kulowa mu kompyuta ya unduna. Chosowa kawirikawiri ndi munthu wa nthawi ndi luso loti akhale pansi n'kuzifunsa mafunso. Wophunzira wa MPH wochokera kuno, woyang'aniridwa ndi mphunzitsi wodziwa ntchito yake, akhoza kuchita zimenezo ndi ndalama zochepa kuposa mtengo wa galimoto imodzi ya pulojekiti.

Za magazi ndi ufulu wanu

Tisanamizane, anthu ambiri amaopa kafukufuku. Mu 2017 mphekesera za anamapopa zinafalikira ku Mulanje, Phalombe ndi maboma oyandikana nawo, anthu anaphedwa, ndipo ogwira ntchito zaumoyo ena analephera kupita m'midzi. Mantha otere amakula pamene anthu achilendo afika ndi galimoto, kutenga magazi, n'kuchoka osafotokoza bwino, osabweranso kudzanena zimene apeza.

Mbali yaikulu ya maphunziro a wofufuza ndi malamulo oteteza anthu. Kafukufuku aliyense wokhudza anthu ayenera kuvomerezedwa kaye ndi komiti younika, monga COMREC ya ku KUHeS kapena NHSRC ya dziko lonse, ndipo ofesi ya zaumoyo pa boma ndi mafumu ayenera kudziwa. Wina akakupezani pakhomo kuti mulowe nawo kafukufuku, muli ndi ufulu wofotokozeredwa m'Chichewa chomveka cholinga chake, zimene adzakuchiteni, zoopsa zake, ndi kumene magazi kapena mayankho anu akupita. Funsani kalata ya chilolezo ndi nambala ya foni ya komiti imene inavomereza. Mukhoza kukana, mukhozanso kuvomera lero n'kusiya mawa, ndipo palibe amene ayenera kukumanani mankhwala kuchipatala chifukwa cha zimenezo. Safunsa anadya phula.

Wofufuza wobadwira kuno amayamba ndi mwayi pa nkhani imeneyi. Amadziwa kuti sungalowe m'mudzi osadzera kwa amfumu, kuti tsiku la maliro kapena la dambwe si lofunsa mafunso, ndiponso kuti gogo akati "ndamva" sizitanthauza kuti wavomera.

Ndalama zake n'zandani?

Apa ndiye pali bala. Pafupifupi ntchito zonse tatchulazi zinayenda ndi ndalama zochokera kunja: Britain, America, Sweden, Netherlands ndi ena. Mwini ndalama amakhala ndi mawu pa funso loti lifufuzidwe. N'chifukwa chake HIV, malungo ndi TB zafufuzidwa kwambiri, pamene BP, shuga, matenda a maganizo, ngozi za kabaza ndi kudzipha kwa achinyamata zatsalira m'mbuyo, ngakhale tonse tikuona maliro ake.

Kale mu 1990 gulu la akatswiri a dziko lonse linalangiza kuti maiko osauka aziika ndalama zosachepera 2 pa 100 iliyonse ya bajeti ya zaumoyo ku kafukufuku. Maiko ambiri a mu Africa sanafikepo. Ndipo mu January 2025, boma la America litaimitsa mwadzidzidzi thandizo lake la kunja, ntchito zambiri zaumoyo m'dziko muno zinagwedezeka ndipo anthu anachotsedwa ntchito. Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Mphunzitsi amene wamaliza PhD n'kubwerera ku kalasi yodzaza, wopanda ndalama yoyambira kafukufuku wake, amayamba kuyang'ana ntchito kunja kapena ku mabungwe. Akachoka, zaka zonse zomusula zija zapita.

Nkhani imeneyi ndi yoyenera kuwafunsa aphungu athu ndi makhansala akabwera kudzapempha mavoti. Pa ndalama za zaumoyo, zingati zikupita kukafufuza mavuto athu? Zotsatira za kafukufuku amene anachitika m'boma lino zili kuti, ndipo anthu a m'midzi imene inatenga nawo mbali anauzidwa?

Nanga inu mungalowe bwanji?

Simufunika kukhala dokotala kuti mugwire ntchito imeneyi. Magulu a kafukufuku amafuna anamwino, a zaumoyo wa malo okhala, a labu, odziwa masamu ndi kompyuta, a zachuma, ndi ophunzira za chikhalidwe cha anthu. Ambiri amene lero ndi akatswiri anayamba ndi ganyu yofunsa mafunso m'midzi ndi tabuleti m'manja. Ngati muli ku sekondale ku Umbwi, ku Dedza Government, ku Mtendere kapena pa CDSS ya kwanu, limbikirani masamu, sayansi ndi Chingelezi. Ngati muli kale pa ntchito yachipatala, funsani za MPH, ndipo yambani ndi kaundula amene muli naye pa tebulo.

Enafe amene sitidzavala gauni tili ndi gawo lathu pa foni. Uthenga ukafika pa gulu la WhatsApp wakuti "akatswiri apeza kuti" chakuti chimachiza shuga kapena katemera wakuti amatseketsa kubereka, funsani mafunso anayi musanautumize kwa ena. Akatswiri ake ati, a pa yunivesite iti? Anayesa anthu angati? Anawayerekezera ndi ndani? Zinalembedwa kuti, pomwe ena angakaziunike? Uthenga wosayankha ngakhale limodzi mwa mafunso amenewa usiyeni ufere pa foni yanu. Amenewa ndi mafunso omwewo amene mphunzitsi wa ku KUHeS amamufunsa wophunzira wake tsiku loyamba, ndipo sachita kufuna digiri kuti munthu awafunse.